Mwana akamati "tapu" m'malo mwa "kapu", yambani mwaona makutu

Mwana wa zaka 2 akaloza galu n'kumati "dalu", kapena akamalirira "utipa" pofuna usipa, musade nkhawa. Malembo monga k, g, s, z ndi ch amachedwa kukhazikika pakamwa pa mwana. Chofunika kutsata ndi msinkhu wake. Pa zaka 3 a pakhomo azitha kumva zambiri zimene akunena, ndipo akafika zaka 4 ngakhale mlendo azimumva pafupifupi zonse. Ngati pamsinkhu umenewu amayi akadali omasulira mawu ake kwa anthu, kapena akudulabe mawu, "manga" m'malo mwa chimanga, pitani naye kuchipatala.

Kuno ku Mangochi tisasokoneze vutoli ndi chilankhulo cha pakhomo. Mwana wokulira m'Chiyao akati "sikomo" sakulakwitsa, akutsanzira agogo ake. Kusinthanitsa l ndi r nakonso si matenda. Vuto lenileni limamveka m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe, ndipo kuphunzira zilankhulo ziwiri sikuliyambitsa.

Mwana amatchula zimene amamva, n'chifukwa chake makutu ndiwo oyamba kupimidwa. Mafinya kapena madzi otsekeka mkati mwa khutu amafooketsa mawu, ndipo s, yemwe ndi wapansipansi kale, amasoweratu. Imani kumbuyo kwake pamtunda wa mita imodzi, mumuitane motsitsa mawu, kumanja kenako kumanzere. Akapanda kucheuka, auzeni alangizi a zaumoyo kusikelo. Chitaninso chimodzimodzi mwana akachira malungo a m'ubongo kapena matenda oumitsa khosi, poti amatha kuwononga kumva.

Khutu likatuluka mafinya masiku 14 kapena kuposa, lakhalitsa ndipo lifunika mankhwala odonthezera ochokera kuchipatala. Lipukuteni katatu patsiku ndi kansalu koyera kopota, mukusintha mpaka kazituluka kouma. Musathiremo mafuta kapena zitsamba, musatokose ndi mtengo wa machesi, ndipo asayambe wasambira kunyanja mpaka khutu litauma.

Suzumiraninso kumwamba kwa kamwa. Pakakhala pong'ambika, mawu amatulukira m'mphuno, nthawi zina mkaka kapena phala limatulukiranso komweko. Izi zimakonzeka ndi opareshoni. Koma kudula kansinga ka pansi pa lilime ndi lezala pakhomo ayi ndithu: kawirikawiri si kamene kamalepheretsa mwana kutchula, ndipo akhoza kutaya magazi kapena kutenga kafumbata.

Pakhomo, khalani naye maso ndi maso kuti aziona milomo yanu. Akati "tomba", inu yankhani kuti "Eya, nsomba, nsomba yaikulu", osamukakamiza kubwereza. Sankhani lembo limodzi, mulisewere mphindi zisanu kapena khumi patsiku ndi zinthu zogwirika: kapu, kalulu, khasu. Letsani azikulu ake kumuyeserera, chifukwa mwana wosekedwa amangokhala duu.

Popita kuchipatala cha boma cha Mangochi tengani buku lake la kusikelo. Pakafunika kupima kumva ndi makina, akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre.