Smoothie ya tiyi wobiriwira yosawawa, yosafuna shuga

Smoothie ya tiyi wobiriwira, chakumwa chokhuthara cha tiyi ndi zipatso zopera, ikawawa, dzanja limathamangira ku shuga kapena uchi. Supuni imodzi, ziwiri, zitatu, ndipo chakumwa chimene munafuna kuti chithandize thupi chadzaza shuga. Komatu nthawi zambiri kuwawako kumayambira pa ketulo, tiyi asanafike n'komwe mu blender, makina operera zipatso aja. Tiyi akapangidwa bwino, nthochi imodzi yakupsa imatsekemeretsa kapu yonse popanda kuthira kanthu.

Tiyi wobiriwira, amene pa bokosi amalemba kuti green tea, amachokera ku chitsamba chomwecho chimene chadzaza minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, Camellia sinensis. Kusiyana kwake ndi tiyi wakuda kumachitikira kufakitale. Masamba a tiyi wakuda amawaphwanya n'kuwasiya kuti mpweya uwadetse, pomwe a tiyi wobiriwira amawatenthetsa ndi nthunzi kapena pachiwaya akangowathyola kuti asade. Motero mumatsala ma catechin ambiri, michere imene yamutchukitsa tiyiyu. Ma catechin omwewo ndi amene amasiya khambi m'kamwa akatuluka ochuluka, ndipo chimawatulutsa mopyola muyezo ndi madzi otentha kwambiri komanso kuviika masamba nthawi yaitali.

Tiyiyu amafuna madzi otentha madigiri 70 mpaka 80. Kuno ku Joni tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, osafika 100. Ngakhale zili choncho, madzi ongochoka pa ketulo ndi otenthabe kwambiri. Simukusowa choyezera kutentha. Thirani gawo limodzi la madzi ozizira apampopi m'kapu, kenako magawo atatu a madzi owira, ndipo mupeza madigiri pafupifupi 75. Mukatero ndi pamene muike timatumba ta tiyi, osati kuyamba ndi timatumba n'kutithira madzi owira pamwamba. Pa smoothie ikani timatumba tiwiri m'mamililita 250, chifukwa zipatso zimaphimba fungo la tiyi wopepuka. Yang'anani wotchi: mphindi ziwiri, zikachuluka zitatu. Chotsani timatumbato osatifinya ndi supuni, pakuti madzi otsiriza ofinyawo ndi amene ali ndi khambi lambiri. Mukafuna tiyi wamphamvu, onjezani masamba, musawonjeze mphindi.

Njira ina, imene ndi yabwino koposa kwa munthu wolawirira ku ntchito, ndi yoviika m'madzi ozizira. Madzulo ikani timatumba tinayi m'botolo la madzi a mamililita 500, tsekani, muike m'firiji maola 6 mpaka 8. Madzi ozizira amatulutsa khambi lochepa kwambiri, ndipo m'mawa mumapeza tiyi wozizira kale wokwana masiku awiri.

Kuziziritsaku sikongofuna kukoma kokha. Tiyi wotentha akalowa mu blender yotseka, nthunzi imakankha chivindikiro n'kukuthirani pankhope ndi m'manja. Ma blender ang'onoang'ono aja a kapu yomangira mpeni pansi ndiwo oopsa kwambiri pa zimenezi, chifukwa mpweya ulibe potulukira. Tiyi azizire kaye, kapena mumuthire m'thireyi ya ayisi aume. Ayisi wa tiyi amaziziritsa smoothie osaisungunula kukoma monga achitira ayisi wa madzi.

Muyezo wokwana makapu awiri aang'ono, kapena kapu imodzi yaikulu ya kadzutsa, ndi uwu: tiyi wozizira mamililita 250, yogati wopanda shuga kapena amasi, amene ndi chambiko chathu chija, theka la kapu, baby spinach wodzaza dzanja limodzi, mango odula theka la kapu, ndi nthochi imodzi. Nthochi ikhale yakupsa mpaka khungu lachita timadontho takuda. Isendeni, muidule mapisi, muiumitse mu freezer usiku wonse. Nthochi youma chonchi ndi imene imapangitsa smoothie kukhala yokhuthara ndi yosalala, pomwe yosapsa bwino imangowonjezera khambi pa khambi. Supuni yaikulu imodzi ya ufa wa malambe kapena supuni yaing'ono ya madzi a ndimu imadzutsa kukoma, ndipo imachedwetsa chakumwacho kuda. Ngati smoothie ikulowa m'malo mwa chakudya cha m'mawa, onjezani masupuni aakulu awiri a oats ndi imodzi ya chiponde, apo ayi njala ikupezani isanakwane 10 koloko.

Mango abwino ochokera ku Limpopo ndi ku Mpumalanga amachuluka m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu December. Pamenepo gulani ambiri kumsika wa ku Yeoville kapena wa ku City Deep, musende, mudule, muumitse m'timapepala ta theka la kapu. M'nyengo yozizira, kotala la peyala likhoza kulowa m'malo mwa mango.

Kaikidwe mu blender kali ndi dongosolo lake. Zamadzi ziyambe, kenako masamba, ndipo muzungulitse masekondi 20 mpaka masamba onse asungunuke. Mukatero ikani zofewa, zouma ndi chisanu zikhale zomalizira, n'kuzungulitsanso masekondi 45 mpaka 60. Mukayamba ndi nthochi youma, mpeni umangozungulira pamphepo ndipo injini imatentha. Ikakhuthara kwambiri onjezani tiyi pang'onopang'ono. Ikachita madzimadzi onjezani nthochi kapena oats.

Pa masamba m'pamene ambiri amasokonezeka. Masamba akuluakulu a mitsempha yoyera amene amagulitsidwa m'mitolo kuno n'kumati spinach kawirikawiri amakhala Swiss chard. Ndi ndiwo zabwino mumphika, koma zaziwisi zimamveka dothi ndi kuwawa. Ngati ndi zomwe muli nazo, chotsani mtsempha wapakati, muviike tsamba m'madzi owira mphindi imodzi, muziziritse musanapere. Bonongwe wanthete mumuchite chimodzimodzi. Chigwada chokha musayerekeze kuchipera chachiwisi, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni wa cyanide amene amachoka pokhapokha mutasinja ndi kuwiritsa mokwanira. Masamba alionse odya osaphika atsukidwe ndi madzi oyenda apampopi, limodzilimodzi.

Mkaka wamadzi ndi ndimu sizigwirizana: mkaka umadukaduka n'kuchita timibulu. N'chifukwa chake muyezo uja uli ndi yogati kapena amasi, zomwe n'zowawasa kale. Nanazi, papaya ndi kiwi zili ndi michere imene imaphwanya mapuloteni a mkaka, ndipo smoothie yotero ikakhalitsa imayamba kuwawa ngakhale tiyi munamupanga bwino. Mukaikamo zipatso zimenezi imwani pompo, kapena musathiremo chamkaka chilichonse.

Za shuga. Bungwe la WHO mu 2015 linalangiza kuti shuga wothira asapyole magawo 10 pa 100 a mphamvu ya chakudya cha tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo linati kutsika mpaka 25 n'kwabwino koposa. Uchi ndi juwisi wa zipatso zimawerengedwa momwemo. Supuni yaikulu imodzi ya uchi ili ndi magalamu pafupifupi 17 a shuga, ndipo kapu ya juwisi wa maapozi ili ndi oposa 20. Choncho smoothie yosakaniza juwisi, uchi ndi yogati wotsekemera imadya muyezo wa tsiku lonse dzuwa lisanakwere. Odwala matenda a shuga aike theka la nthochi, asiye mango, ndipo aikemo peyala.

Pali ena ofunika kusamala ndi tiyi weniweniyo. Kapu ya tiyi wobiriwira ili ndi caffeine pafupifupi mamiligalamu 30, ndiye timatumba tiwiri tikupatsani cha m'ma 60. Matcha, amene ndi tsamba lonse lopera, amafika pamenepo ndi supuni yaing'ono imodzi yokha, kotero theka la supuni likukwanirani. Amayi oyembekezera asapyole mamiligalamu 200 patsiku, kuwerengera khofi, tiyi wakuda ndi zakumwa za kola zomwe. Kwa ana, ndi kwa aliyense wovutika kupeza tulo, gwiritsani ntchito rooibos. Ndi chitsamba china cha ku Cederberg, chilibe caffeine, ndipo sichiwawa ngakhale mutachiviika nthawi yaitali.

Tiyi amachepetsanso ayironi amene thupi limayamwa kuchokera ku nyemba ndi ndiwo zamasamba. Vitamini C wa m'malambe, mango ndi ndimu amathandizako, koma ngati kuchipatala anakupezani ndi kuchepa kwa magazi n'kukupatsani mapilisi a ayironi, pakati pa mapilisiwo ndi smoothie papite maola awiri. Amene mukumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, dziwani kuti spinach ali ndi vitamini K wambiri amene amalimbana ndi mankhwalawo, ndipo kuyamba kumwa masamba tsiku lililonse mwadzidzidzi kumasokoneza muyezo wanu, ndiye uzani adokotala musanayambe. Odwala impso afunsenso, chifukwa nthochi, peyala ndi spinach zili ndi potassium wambiri.

Smoothie imeneyi si mankhwala ochepetsa thupi. Ikalowa m'malo mwa buledi wamajarini ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, imathandiza ndithu. Ikabwera pamwamba pa kadzutsa wanthawi zonse, thupi limangowonjezereka. Musathyolerenso makapisozi a green tea extract m'kati pofuna kuti igwire msanga. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Europe, EFSA, linachenjeza kuti makapisozi opereka mamiligalamu 800 kapena kuposerapo a catechin wotchedwa EGCG patsiku akhoza kuvulaza chiwindi, pomwe tiyi wongoviika m'madzi linamupeza wopanda chiopsezo chotero kwa anthu ambiri. Tiyi wina wolembedwa slimming kapena detox amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, ndiye werengani kuseri kwa bokosi musanagule.

Ngati mulibe blender, kapena magetsi azima, kanyani nthochi yakupsa ndi foloko mpaka ichite phala, muithire m'botolo la pakamwa papakulu pamodzi ndi amasi, malambe ndi tiyi wozizira, mutseke n'kukhutchumula mphindi imodzi. Masamba muwasiyire mumphika wa madzulo. Smoothie yotsala isungidwe m'botolo lodzaza mpaka kukhosi, lotseka bwino, m'firiji, osapyola maola 24. Ikalekana, madzi pansi zokhuthara pamwamba, sikuti yawonongeka, ingoikhutchumulani. Yopita nayo ku ntchito ikhale m'botolo losunga kuzizira, chifukwa chakumwa cha mkaka chikakhala kunja kwa firiji maola oposa awiri, makamaka m'chikwama mu takisi masiku otentha, n'choyenera kutaya.