Mayeso Oyeza Nzeru Sayeza Nzeru Zokha

Ambirife timakhulupirira kuti mwana akapeza malikisi ochepa pa mayeso oyeza nzeru, ndiye kuti mutu wake ndi wouma, anabadwa choncho basi. Si zoona. Ngakhale Alfred Binet, amene anakonza mayeso oterewa ku France mu 1905, ankafuna kupeza ana ofunika thandizo lapadera kusukulu, osati kuwaweruza moyo wawo wonse.

Taonani kafukufuku amene Robert Serpell anafalitsa mu 1979. Anauza ana a ku Zambia ndi a ku England kuti apange zinthu zofanana ndi zimene anawaonetsa. Pojambula ndi pensulo papepala, a ku England anapambana. Atawapatsa waya zinthu zinatembenuka: a ku Zambia, ozolowera kupinda magalimoto a waya, ndiwo anachita bwino. Poumba, onse anafanana. Nanga wanzeru ndi uti pamenepa?

Mantha nawonso amadya malikisi. Ubongo umagwira zinthu zochepa pa nthawi imodzi. Mwana akamanjenjemera pamaso pa mlendo amene akungoyang'ana wotchi, nkhawa imalanda malo a kuganiza, ndipo yankho limene akanalinena mosavuta ali pakhonde kwawo limamuthawa.