Maganizo Akakulemerani, Yambirani pa Kiliniki Yapafupi

Kuno kum'mawa kwa Zambia, munthu akangomva mawu akuti "matenda a maganizo", dzina limene limabwera msanga ndi Chainama. Chipatala chimenechi chili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Chipata. Banja likawerengera ndalama ya basi ya anthu awiri, n'kuganiziranso zimene a pamudzi adzanene, limangoti tiyeni tione kaye. Kuona kayeko kumatha chaka, wodwala ali m'nyumba, nesi sanamuonepo n'kamodzi komwe.

Chonsecho ambiri mwa anthu ovutika maganizo safunika kupita ku Lusaka, ngakhalenso kugonekedwa. Thandizo lawo limayambira pa kiliniki yomwe ija mumakayezetsako malungo ndi kupitako ndi ana kusikelo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto la maganizo. Ndiye kuti kumpingo kwanu alipo, pa msika wa Kapata alipo, m'gulu lanu la chilimba alimo. Angokhala chete chifukwa choopa kutchedwa amisala.

Mudzadziwa bwanji kuti nthawi yopita yakwana?

Chisoni ndi nkhawa n'za aliyense. Maliro akagwa timalira, mvula ikadula monga inachitira mu 2024 tulo timasowa. Chodetsa nkhawa ndi pamene zimenezi zatenga milungu iwiri kapena kuposa, tsiku ndi tsiku, mpaka ntchito zaima. Munda wamera thengo koma mphamvu yonyamula khasu palibe. Nsima sikulowa. Mumadzuka tambala asanalire, maganizo akungozungulira pa ngongole ya feteleza kapena ya kaloba, pa banja limene likugwedezeka, pa ndalama imene inathera kubetcha pafoni. Kwaya, mpira, macheza a padimba, zonse zasukuluka. Mwayamba kudziona ngati mtolo kwa abale anu.

Anthu ambiri vutoli amalimva m'thupi. Amadandaula mutu wosaleka, mtima kugunda kwambiri, kutentha paliwombo, thupi lonse kuphwanya. Amagula panado pa kantemba sabata iliyonse, akayezetsa malungo sawapeza, n'kubwerera kunyumba ali okhumudwa. Ngati zimenezi zikukuchitikirani, nenani kwa nesi zonse ziwiri, za m'thupi ndi za mumtima. Nesi sangalote zimene simunamuuze, makamaka pamene mzere wa odwala wafika panja.

Mayi amene wangobereka kumene ayenera kuyang'aniridwa mwapadera. Kulira pang'ono masiku oyamba kumachitika ndipo kumatha. Koma ngati milungu ikupita ali wosasangalala, sakufuna kuyamwitsa, akuopa kutsala yekha ndi khanda, kapena akulankhula zosamveka, musamunene kuti ndi waulesi kapena wosakonda mwana. Apongozi, amuna ake, alangizi, wina mwa inu amuperekeze kukiliniki.

Palinso matenda amene amaoneka poyera: munthu kumva mawu amene ena sakumva, kukhulupirira kuti a m'nyumba akufuna kumuthira mankhwala m'chakudya, kuyenda usiku wonse osagona, kusiya kusamba. Kawirikawiri amayamba mwa achinyamata, ndipo chamba chimawakolezera kwambiri. Wodwala akathandizidwa msanga amakhala ndi mwayi waukulu wobwerera kusukulu kapena kuntchito yake.

Chenjezo limodzi lofunika: munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi, thupi likutentha, khosi lauma, kapena akukomoka, n'kutheka kuti ali ndi malungo ofika ku ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ameneyu athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu womwa kachasu tsiku lililonse amene wasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera ndi kuona zinthu zoti palibe.

Mukafika kukiliniki

Tengani khadi lanu ndi mankhwala onse amene mukumwa, a HIV, a BP, a shuga, ngakhale azitsamba. Ngati n'kotheka pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira, woti akukumbutseni zimene mwaiwala. Mawu oyambira asakuvuteni. Mukhoza kungoti, "Anesi, ndikuganiza kwambiri, sindikugona, papita mwezi." Ngati m'chipindamo muli anthu ena, pemphani kuti mulankhule panokha. Ndi ufulu wanu. Pa makiliniki a boma thandizo loyambali salipiritsa.

Adzakufunsani mafunso, mwinanso adzakuyezani magazi kuti aone ngati palibe matenda ena obisika. Ena amathandizidwa pomwepo ndi uphungu. Uphungu si kukalipiridwa kapena kulalikiridwa. Ndi kukhala pansi ndi munthu wophunzira, kumasula mavuto amodziamodzi, kuona limene mungayambe nalo, ndi kubweranso pa tsiku limene mwapangana. Ena amalemberedwa kalata yopita kuchipatala chachikulu cha m'boma lawo, kaya ndi ku Lundazi, Petauke, Chadiza, Nyimba, kapena ku St Francis ku Katete. Vuto likakhala lalikulu amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, kumene kuli ogwira ntchito amene anaphunzira za matenda a maganizo. Ku Chainama kumapita ochepa, amene zipatala za kuno zaona kuti akufunika thandizo loposa.

Odwala khunyu nthawi zambiri amaonedwa ndi ogwira ntchito omwewa. Khunyu si misala, ndipo sapatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira munthu amene wagwa. Mankhwala ake akamamwedwa mosadumphitsa, ambiri amasiya kugwa.

Za mankhwala

Apa m'pamene mabanja ambiri amagwera mphwayi. Mankhwala a kuvutika maganizo, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamapita milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina kuposa, munthu asanayambe kumva kusintha. Masiku oyamba ena amamva tulo tambiri, kuuma kukamwa kapena nseru. Wodwala amati mankhwalawa akundiwonjezera matenda, n'kuwataya. Musawataye. Bwererani mukanene, chifukwa akhoza kusintha mlingo wake kapena kukupatsani mtundu wina.

Mankhwala a amene akumva mawu kapena kusokonezeka, monga haloperidol ndi chlorpromazine, nthawi zina amaumitsa khosi ndi lilime, kunjenjemeretsa manja, kapena kutulutsa malovu ambiri. Achibale akaona zimenezi amachita mantha, ndipo n'zomveka. Koma alipo mankhwala ena othetsa vutoli, ndiye fulumirani kubwerera kuchipatala m'malo mosiya. Kwa amene amaiwala mapiritsi, funsani za jekeseni yobaya kamodzi pa milungu ingapo.

Vuto lalikulu limabwera munthu akayamba kupeza bwino. Wabwerera kumunda, akuseka, akudya, ndiye onse amati wachira, mankhwala basi. Pakapita miyezi ingapo matenda amabwereranso, nthawi zina mwamphamvu kuposa poyamba. Mankhwalawa ali ngati a BP: kupeza bwino ndi umboni wakuti akugwira ntchito. Tsiku losiya kapena kuchepetsa mupangane ndi amene anakulemberani. Muzikatenga ena akale asanathe, makamaka nthawi ya dzinja pamene mitsinje imadzaza ndipo njira zimavuta. Mayi amene ali ndi pakati kapena akufuna kutenga pakati anene msanga, popeza ena mwa mankhwalawa, monga sodium valproate, akhoza kuvulaza mwana m'mimba.

Mpingo, asing'anga ndi chingwe

Mabanja ambiri amayambira kwa abusa kapena kwa sing'anga, ndipo sitikunyoza chikhulupiriro cha munthu. Pemphero limatonthoza, ndipo mpingo umene umayendera wodwala, kumulimira munda ndi kumusungira malo mu kwaya ukuchita ntchito yaikulu. Abusa, inu amene anthu amathamangira kwa inu poyamba, muwapempherere ndipo muwauze kuti apitenso kukiliniki. Chimene sitingavomereze ndi kumuuza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kumusalitsa kudya masiku ambiri, kumukwapula kuti chiwanda chituluke, kapena kumumanga ndi chingwe kapena unyolo pamtengo. Chingwe chimasiya zilonda m'manja ndi mantha mumtima, ndipo matenda amakhalapobe.

M'chaka cha 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la Mental Health Act, lolowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala mayina onyoza. Lamulo latsopanoli limateteza ulemu wa wodwala maganizo ndipo limaletsa kumusala kapena kumuchitira nkhanza. Anyakwawa ndi a komiti ya zaumoyo ya m'dera, mukamva kuti m'mudzi mwanu muli munthu womangidwa, thandizani banjalo kupeza njira yomufikitsira kuchipatala. Kawirikawiri achibale amamanga chifukwa chosowa chochita, osati chifukwa cha nkhanza.

Wina akanena zofuna kufa

Mawu ngati akuti "ndatopa ndi moyo", "mudzatsala bwino ine kulibe", kapena kuyamba kugawa katundu ndi kutsanzika popanda ulendo, musawatenge ngati nthabwala kapena kuopseza chabe. Mufunseni mosabisa: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Mumvetsereni osamuweruza, osamuuza kuti mwamuna salira. Musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Dera lathu ndi la alimi, ndipo m'nyumba zambiri muli mankhwala opopera thonje, fodya ndi ndiwo zamasamba, komanso oteteza chimanga ku anankafumbwe. Maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kuphwa, choncho chimene chili pafupi pa nthawiyo chimasiyanitsa moyo ndi imfa. Tsekerani mankhwalawa ndi loko, kiyi asunge munthu wina, kapena kawasungitseni kwa mnansi. Ngati wina wamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo lake kuti madokotala adziwe chimene wamwa. Musachedwe poopa mlandu: kuno ku Zambia munthu amene anayesa kudzipha saimbidwa mlandu chifukwa cha zimenezo.

Ngati kiliniki ili kutali kapena mukufuna kuyamba mwalankhula ndi munthu amene sakukudziwani, imbani 933, nambala yaulere ya bungwe la Lifeline/Childline Zambia, kumene kuli aphungu. Ana ndi achinyamata, kapena wamkulu amene akudera nkhawa mwana, aimbe 116. Ngati gwero la mavuto anu ndi nkhanza za m'banja kapena kugwiriridwa, pitani ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, pa polisi yapafupi, ndipo kuchipatala mukanene zonse ziwiri, mabala ndi kusowa tulo.

Inu amene mukusamalira wodwala, kaya ndinu amayi ake, akazi ake kapena alongo ake, ntchitoyi ndi yolemetsa ndipo imatha kukudwalitsani inunso. Itanani achibale mugawane: wina aziperekeza kuchipatala, wina azikumbutsa mankhwala, wina athandize ndalama ya mayendedwe. Mukapita ndi wodwala wanu pa tsiku limene anakulemberani, muuzeni nesi mmene inuyo mukugonera ndi kudyera.