Mkangano wa zigawo ndi boma la ku Washington ulibe mwini

Zanditopetsa kumva anthu, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akunena kuti ku America chipani cha Republican chimamenyera ufulu wa zigawo pomwe cha Democrat chimakonda boma lalikulu la ku Washington. Ana anga a m'kalasi ya mbiri amalembanso zomwezi pa mayeso ngati ndi vesi loloweza. Mkangano woti mphamvu zikhale kuti ulipodi, ndipo unabadwira limodzi ndi dzikolo. Koma palibe chipani chimene chinaugwiritsitsa mbali imodzi. Amene zamuvuta ku Washington ndi amene amakumbukira kuti zigawo zili ndi ufulu.

Mu 1791 Thomas Jefferson, nduna yoona za maiko akunja, anakana banki ya dziko lonse imene nduna ya zachuma Alexander Hamilton ankafuna, ati malamulo oyendetsera dziko sanapereke mphamvu yotero. Jefferson yemweyo atakhala pulezidenti anagula dera lalikulu la Louisiana kwa France mu 1803, chinthu chimene malamulowo sachitchula n'komwe. Eni akapolo a kummwera nawo ankafuula za ufulu wa zigawo, koma mu 1850 anakakamiza lamulo loti boma la Washington lizigwira akapolo othawira kumpoto n'kuwabweza. Pamenepo amene anadzatchula ufulu wa chigawo anali a ku Wisconsin, chigawo cha kumpoto, pofuna kuteteza othawawo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya dera la Prince Edward m'chigawo cha Virginia. Mu 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake a pa sukulu ya anthu akuda ya Moton kunyanyala maphunziro. Sukuluyo inadzaza mpaka ena ankaphunzirira m'tizisakasa tokutidwa ndi mapepala a phula, todontha mvula ikagwa. Dandaulo lawo linaphatikizidwa mu mlandu wa Brown, umene mu 1954 bwalo lalikulu la Supreme linagamula kuti kulekanitsa ana pa sukulu potengera khungu n'kuphwanya malamulo. Mukuganiza kuti akuluakulu a deralo anatani? Anazengereza zaka zingapo, kenaka mu 1959 anangotseka sukulu zonse za boma. Ana a azungu anawatsegulira sukulu ya pulaiveti, imene pambuyo pake inkathandizidwa ndi ndalama za msonkho. Ana akuda ena anatumizidwa kwa achibale kutali, ambiri anangokhala pakhomo. Sukulu za boma zinadzatsegulidwa mu 1964, bwalo la Supreme litalamulanso. Taganizirani mwana amene anayenera kuyamba kuwerenga ali ndi zaka 6, akudzakhala pa desiki ali ndi 11. Zaka zimenezo palibe chigamulo chimene chinam'bwezera. Ndipo amene ankatsogolera kukanaku ku Virginia, Senator Harry Byrd, anali wa Democrat.

Ku Little Rock mu 1957 n'chimodzimodzi: bwanamkubwa wa Arkansas amene anatsekera khomo ana 9 akuda, Orval Faubus, anali wa Democrat, ndipo amene anatumiza asilikali kukawalowetsa m'kalasi anali Pulezidenti Eisenhower, wa Republican. Zipanizi zinadzasinthana malo pang'onopang'ono kuchokera pa malamulo a ufulu wa anthu a 1964 ndi 1965. Lero kusinthana kukupitirira. Chigamulo cha bwalo la Supreme cha 2022 chinabweza nkhani yochotsa mimba m'manja mwa zigawo, a Republican ambiri n'kuwomba m'manja. Koma pa nkhani ya obwera m'dziko opanda mapepala, ndi California, ya a Democrat, imene imauza Washington kuti apolisi ake si antchito a boma lalikulu.

Tsono chenjerani ndi akatswiri a pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp, amene amafotokoza America yonse mu mphindi 2 ngati ndi dziko la lamulo limodzi. Akamanama pa za zipani mumangoluza mtsutso, koma pena bodza lawo limapweteka munthu. Mumva wina akulengeza kuti chamba n'chololedwa ku America. Inde, Colorado ndi chigawo cha Washington (osati likulu la dziko lija) zinachiloleza mu 2012, zina zinatsatira. Koma malamulo a boma lalikulu akuchiletsabe, ndipo nkhani za ma visa ndi zilolezo zokhalira m'dzikomo zili m'manja mwa boma lalikululo, osati chigawo. Mwana wanu amene ali kumeneko pa visa ya sukulu akhoza kugula chamba m'sitolo ya chiphaso mumzinda wa Denver ku Colorado, wapolisi wa mumzindamo osamuyang'ana n'komwe, koma akadzavomera zimenezi pamaso pa wa imigireshoni akhoza kumanidwa mapepala. Asanachite chilichonse chimene wamva kuti “kuno n'chololedwa”, afunse loya wodziwa za imigireshoni, ndipo afunse asanadzaze fomu, osati atalandira kale kalata yom'kana.