Miyendo ya munthu ingaolotse boti panyanja yamchere?

Muphwa wanga amene amachita kabaza ku Ulongwe ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp mwezi wathawu. M'menemo muli anthu m'kaboti kotsekeka pamwamba, akuponda mapedulo ngati ali panjinga, mafunde akuwakweza n'kuwatsitsa, mtunda osaoneka mbali iliyonse. Funso lake linali lalifupi: "Amalume, inu mumakonza maboti, zimenezi n'zoona kapena abisamo injini?"

N'zoona, ndipo sizinayambe dzulo. Mu 1992 Dwight Collins wa ku America anachoka ku Newfoundland, ku Canada, ali yekha m'boti la mapedulo, n'kuoloka nyanja ya Atlantic kukakocheza ku Plymouth, ku England, patatha masiku 40. Mu 1994 Jason Lewis ndi Steve Smith ananyamuka ku Lagos wa ku Portugal pa boti lotchedwa Moksha, lotalika mamita pafupifupi 8, ndipo anatha masiku 111 pamadzi kuti afike ku Miami. Mu 2018 anyamata anayi a ku Britain anapalasa kuchoka ku Gran Canaria, chimodzi mwa zilumba za Canary, mpaka ku chilumba cha Antigua ku Caribbean posonkhetsa ndalama zothandizira achinyamata amene akuvutika maganizo.

Ife timati kupalasa bwato, timatinso kupalasa njinga. Anthu amenewa anangotenga kupalasa kuwiriko n'kukuika m'chombo chimodzi. Mapedulo amakoka tcheni, tcheni chimazunguza magiya, magiyawo amazunguza pulopela imene ili pansi pa madzi. Amasankha miyendo chifukwa minofu ya m'ntchafu ndi yaikulu kuposa ya m'mikono, ndiponso wopalasayo amatha kukhala chotsamira m'kati, osawombedwa ndi mafunde ngati wa nkhafi.

Koma injini imeneyi, miyendo ya munthu, ndi yaing'ono kwambiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu wathanzi akamapalasa maola ambiri amatulutsa mphamvu ya mawati 100 kapena 150 basi. Hosipawa imodzi ndi mawati 746. Ndiye kuti kainjini ka mahosipawa 15 kamene timamangirira kumbuyo kwa boti pa Cahora Bassa kali ndi mawati oposa 11,000, mphamvu ya anthu oposa 70 akupalasa pamodzi. Chinanso, madzi amakaniza kwambiri ukamathamanga. Kuti liwiro liwirikize kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake maboti amenewa amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola, ngati mayi wopita kumsika. Wofuna kuthamanga amangotha mawondo, botilo osasintha kwenikweni.

Poti mphamvu ndi yochepa chonchi, wopanga boti salola kuti itayike ngakhale pang'ono. Boti limakhala lalitali ndi lowonda, monga bwato wosema ku mtengo umodzi amene asodzi athu amadziwa kuti amang'amba madzi bwino kuposa chiboti chachikulu m'mimba. Pulopela yake si yofanana ndi ya painjini. Imakhala yaikulu, ya masamba opyapyala, yozungulira pang'onopang'ono, kuti izikankha madzi ambiri mofatsa m'malo mongowavundula.

Mbali yaikulu ya ulendo imagwiridwa ndi mphepo komanso madzi oyenda. Amene amachokera ku zilumba za Canary kupita ku Caribbean, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,800, amadziwa kuti m'chigawo chimenecho mphepo imakonda kuwomba kuchokera kumbuyo kwawo, nawonso madzi a m'nyanja amalowera komweko. Amanyamuka cha mu Disembala kapena Januwale, nyengo ya anamondwe a ku Atlantic, imene imayamba mu Juni n'kutha mu Novembala, itadutsa. Mphepo ikatembenuka salimbana nayo. Amaponya m'madzi nangula wansalu wooneka ngati chiambulera chachikulu, kuti boti lisabwerere m'mbuyo msanga, n'kudzitsekera m'kati masiku awiri kapena atatu. Boti likagubuduzika limadzuka lokha, chifukwa katundu wolemera amamangiriridwa pansi penipeni ndipo zipinda zimatsekeka osalowa madzi. Khomo likasiyidwa lotsegula, chitetezo chonsecho chatha.

Ine monga makaniko chimene chimandiopsa ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi magalamu 35 a mchere. Kuno pamadzi abwino a Zambezi timadandaula kale ndi dzimbiri pa mabawuti, nanga kumeneko? Tcheni chikangonyowa n'kuuma chimayamba kulira, mabeling'i amauma, waya wamagetsi amabiriwira. Tsono ulendo wotere umafuna munthu wodziwa kumasula magiya boti likugwedezeka, ali ndi nseru, sipanala itamangiriridwa kudzanja kuti isagwere m'madzi. Madzi akumwa amawasefa ndi kamakina kamene kamakankha madzi amchere mwamphamvu kudutsa m'kasefa kothina kwambiri, koyendera batire yotchajidwa ndi sola, ndipo amanyamulanso kopopa ndi manja. Timakina tiwiri tonseti tikafa, ulendo wathera pomwepo ngakhale miyendo ikadali yamphamvu.

Thupi nalo limalipira. Ambiri amasinthana maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, moti palibe amene amagona tulo tokwanira kwa milungu. Mchere ndi thukuta zimatsegula zilonda m'matako ndi m'mphechepeche. Wa kabaza aliyense akudziwa kupweteka kwa chishalo tsiku la msika, koma iye madzulo amasamba n'kugona pamphasa youma.

Tifike pa ndalama. Ulendo wotere umakopa maso, ndipo n'chifukwa chake mabungwe achifundo amaukonda. Boti limakhala ndi kachipangizo kosonyeza pa intaneti pamene lafika, anthu amatsatira tsiku ndi tsiku, mtima ukawagwira amaponya kangachepe. Ine sindinyoza zimenezi. Matenda amene anthu amachita manyazi kuwatchula, monga a maganizo, amapeza polowera m'nkhani chifukwa cha anyamata ali pakati pa nyanja. Komabe boti, zakudya, foni ya setilaiti, inshulansi ndi kutumiza botilo ku doko zimadya ndalama zambiri zedi. Okonza bwino amasiyanitsa matumba awiri: makampani amalipira za ulendo posinthana ndi kulemba dzina lawo pabotilo, ndipo zopereka za anthu zimapita ku bungwe mwachindunji. Musanatumize mametikali anu kwa wina aliyense wolonjeza zoterezi, funsani kuti akugwera m'thumba liti, ndipo bungwelo lavomereza kapena ayi.

Muphwa wanga sanathere pa funso loyamba lija. Anandilemberanso kuti, bwanji ife tipalase pa Cahora Bassa kuchoka ku Zumbo mpaka ku Songo, tisonkhetse za mabuku a kusukulu ya kwathu? Za nyanja yamchere sanazitchule, ndipo anachita bwino. Mpata wa pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pamene wapanikizika kwambiri, ndi makilomita pafupifupi 420, ndipo mpatawo ndi njira imene anadzera anamondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023.

Cahora Bassa nayonso si dziwe. Chitsekereni damu mu 1974, madzi anatambalala makilomita oposa 200 m'litali, ndipo pamene yatakata mphepo imautsa mafunde afupiafupi, osongoka, amene amadzaza boti lotseguka m'kanthawi kochepa. Pansi pake pali mitengo imene inamizidwa, yothyola pulopela. M'mphepete muli mvuu ndi ng'ona, usiku muli maboti a kapenta ndi maukonde awo. Timaboti tamapedulo tosangalalira alendo m'magombe n'totakata, totseguka, ndipo mphepo imatikankha ngati beseni. Kameneko sindingalole mwana wa mlongo wanga kukwera kupita nako pakati.

Ndinamuyankha kuti maganizo akewo ndawakonda ndipo ndimuthandiza. Ayambe waphunzira kusambira, chifukwa ku mapiri a Angónia anakulira pa timitsinje tofika m'mawondo. Apeze jekete yoyandamitsa yomukwana, ndi mnzake wa boti la injini woti azitsatira pambuyo ulendo wonse. Ine ndili ndi felemu yakale ya njinga ndi magiya a injini ina yakufa pashedi. Mvula ikatha tidzazimanga pa bwato wautali, tidzayesere pakagombe kabata, m'mawa mphepo isanadzuke, tione ngati lingathe kilomita imodzi tcheni osaduka.