Liwiro la galimoto m'misewu ya m'malokeshoni: uthenga kwa anthu okhala mu Mzuzu

Munthu akagundidwa ndi galimoto timangoti linali tsoka, ngati wagwidwa ndi mphenzi. Azaumoyo amaika ngozi zapamsewu m'gulu limodzi ndi matenda, chifukwa zili ndi gwero lodziwika, zili ndi anthu amene zimawagwera kawirikawiri, ndipo zimapeweka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene amapha kuposa ngozi zapamsewu.

Kuno ku Mzuzu nkhaniyi ili pakhomo penipeni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mumzinda muno, ndipo ambiri mwa ife ulendo wakumsika, wakusukulu ndi wakutchalitchi ndi wapansi kapena wa pa sakaramento (njinga yakabaza). Msewu wa M1 umadutsa pakati pa mzinda, ndiye mathanki amafuta ochokera ku Tanzania ndi malole amatabwa a ku Chikangawa amayenda pomwe mwana wa sitandade 2 akuwolokera. Komabe uthenga uno ukukhudza kwambiri misewu ing'onoing'ono ya ku Chibavi, Chiputula, Zolozolo, Masasa, Mchengautuwa ndi Luwinga, kumene chipata cha nyumba chimatsegukira mumsewu ndipo mwana akangothamangitsa mpira walowa kale pakati pa galimoto.

Chimene chimapha ndi liwiro

Taganizani za munthu wogwa kuchokera pamwamba. Kugundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, ngati pamwamba pa denga la nyumba wamba. Munthu amathyoka, koma nthawi zambiri amachira. Galimoto ikafika pa 50, zimafanana ndi kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 10. Pa 60 ndi mamita 14. Mphamvu yomenya nayo munthu imakula mofulumira kuposa mmene muvi wa pa sipidomita ukukwerera, n'chifukwa chake dalaivala amene akuti “ndangowonjezera pang'ono” amakhala wawonjezera zambiri. A WHO amati liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwayo amwalira chimakula kanayi ndi theka.

Palinso nkhani ya mabuleki. Maso akaona mwana, phazi silifika pa buleki nthawi yomweyo; pamapita sekondi imodzi kapena kuposerapo. Pa liwiro la 50, galimoto imakhala yadutsa mamita 14 m'sekondi imeneyo. Pa 30 ikanakhala itaima kale pamtunda womwewo, mamita 13 kapena 14. Tsono madalaivala awiri aone mwana mmodzi pamalo amodzi: wina aima matayala ali pafupi ndi mapazi a mwanayo, mnzake amugunda phazi lisanaponde n'komwe buleki. Msewu ukanyowa, ndipo ku Mzuzu kuno umanyowa miyezi yambiri, kapena matayala akatha, mtundawo umatalikirapo.

Pachifukwa chimenechi nduna za maiko osiyanasiyana zitakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu February 2020, zinagwirizana kuti paliponse pamene galimoto zikusakanikirana ndi oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisapitirire 30. Kunena zoona, misewu pafupifupi yonse ya m'malokeshoni mwathu ndi yotero.

Mwana sangadziteteze yekha

Makolo ambiri amati, “Ndinamuuza kuti aziyang'ana uku ndi uku.” Kumuuza n'kwabwino, koma mwana amene sanafike zaka 10 sathabe kuyerekeza bwino kuti galimoto ikubwerayo ifika liti. Amaiona ili patali n'kuganiza kuti nthawi ilipo. Ndi wamfupi, kotero minibasi yoima m'mbali mwa msewu imamubisa yense, iyenso saona zimene zikubwera kuseri kwake. Mnzake akamuitana kutsidya, malangizo onse aja aiwalika. Ndipo pomwe wamkulu bampa imamumenya m'miyendo, mwana imamupeza pachifuwa ndi pamutu.

Mwana wa msinkhu umenewu aziwoloka atagwiridwa padzanja, makamaka pamkono, kuti asapulumuke. Chizolowezi chotuma mwana wa zaka 7 kuti aperekeze mng'ono wake wa ku mkombaphala n'chofala, ndipo tikudziwa kuti amayi amakhala atapanikizika ndi geni kapena ntchito, koma kumeneko n'kusenzetsa mwana katundu woposa msinkhu wake. Mabanja oyandikana angathe kugawana masiku, wamkulu mmodzi n'kumaperekeza ana a nyumba zinayi kapena zisanu. Poyenda nawo muziwafotokozera chifukwa chimene mwaimira apa osati apo, kuti pofika zaka zoyenda okha akhale atazolowera.

Kwa oyenda pansi

Galimoto kuno zimayenda kumanzere. Pamene palibe kanjira ka oyenda pansi, inu yendani kudzanja lamanja, kuti galimoto izikubwererani kumaso muziiona. Powoloka yang'anani kumanja, kumanzere, kenako kumanjanso. Mukatsika minibasi dikirani ichoke kaye, musawolokere kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Pa mizere yoyera yowolokerapo musangolowa poti lamulo lili kumbali yanu. Onetsetsani kuti dalaivala wakuonani ndipo wachepetsadi liwiro.

Nyengo ya June ndi July imafuna kusamala mwapadera. Chifunga chimagwa m'mamawa, nthawi yomwe ana akupita kusukulu, ndipo tonse timakhala titavala majuzi ndi majekete akuda, mutu uli m'chipewa, makutu otsekeka. Dalaivala sakuonani mpaka atafika pafupi. Chovala chowala, chitenje choyera, kansalu konyezimira kosokerera pachikwama cha mwana kapena tochi ya pafoni madzulo zimathandiza kwambiri. Amene wamwa mowa aperekezedwe. Kuledzera kumagwetsa woyenda pansi mumsewu monga kumasokonezera woyendetsa.

Kwa madalaivala ndi akabaza

Mukapeza masamba atayalidwa mumsewu, palibe amene amakuuzani chochita. Mumachepetsa liwiro, wailesi mumatsitsa, wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha. Pamenepo palibe wapolisi kapena chikwangwani, ndi ulemu chabe umene tinaphunzitsidwa. Ulemu womwewo ukufunika pa geti la sukulu, pamsika wa m'mbali mwa msewu ndi pa mjigo pamene atsikana akuwoloka atasenza ndowa. Kuchepetsa liwiro kuchoka pa 50 kufika pa 30 pamtunda wa kilomita imodzi kumakuchedwetsani ndi masekondi 48 okha.

Foni ikalira, imani kaye pambali. Woyendetsa amene akulankhula pafoni amakhala pachiopsezo cha ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakutero. Yatsani magetsi kukachita chifunga. Galimoto ina ikaima pafupi ndi powolokera musaipitirire, mwina yaimira munthu amene inu simukumuona. Pobwerera chambuyo kutuluka pampanda, tsikani muone ngati palibe mwana akusewera kuseri.

Achimwene a njinga zamoto, inu ndi amene mumalowa m'tinjira mmene galimoto sizifika, mmene ana amasewera mosayembekezera chilichonse. Hutala siimitsa njinga. Valani helimeti yomanga bwino pachibwano, pasenjala wanunso avale, ndipo musanyamule ana atatu kapena anayi pa njinga imodzi ngakhale makolo atakupemphani.

Msewu weniweniwo usinthidwe

Apa ndi pamene ambiri timalekera panjira. Timalangiza ana, timadzudzula madalaivala, koma msewu umakhala momwemo. Msewu wafumbi wa maenje umachepetsa liwiro pawokha. Ukangothiridwa phula anthu amasangalala, ndipo n'zoyenera kusangalala, koma tsiku lomwelo galimoto zimayamba kuthamanga pakhomo pomwe dzulo zimakwawa. Chikwangwani cholembedwa 30 dalaivala angathe kuchinyalanyaza. Hampu sangainyalanyaze.

Njira zochepetsera liwiro zilipo zingapo. Mahampu omangidwa bwino, otambalala ndi opakidwa penti, amakakamiza galimoto kutsika kufika pa 30 kapena kucheperapo. Timizere tokwera tomwe timanjenjemeretsa galimoto timadzutsa dalaivala asanafike pamalo a anthu ambiri. Ku Ghana, pa mphambano ya Suhum pamsewu wa Accra ndi Kumasi, ataika timizere totere ngozi zinatsika ndi 35 peresenti, ndipo imfa zinatsika ndi 55 peresenti, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso msewu. Powolokera pokwezedwa ngati hampu ndi pabwino koposa pa geti la sukulu kapena chipatala, chifukwa galimoto imachepetsa liwiro pamalo enieni amene munthu akuwolokera. Palinso kupanikiza msewu pamphambano, kachilumba kapakati koti munthu aimepo atawoloka theka, magetsi a mumsewu, ndi kanjira ka oyenda pansi kolekanitsidwa ndi phula. Kanjira kameneka kakamangidwa kasasanduke poimika galimoto kapena poyala tomato, chifukwa kakatero anthu amabwereranso mumsewu.

Chenjezo limodzi: musamange mahampu anuanu. Mtima umapweteka mwana akagundidwa, ndipo anthu amatenga makasu usiku womwewo n'kuunjika dothi, miyala kapena chipika. Hampu yotere, yosongoka, yopanda penti ndi chikwangwani, imagwetsa wanjinga yamoto mumdima, imatseka madzi amvula n'kukumba msewu, ndipo imachedwetsa ambulansi. Galimoto zina zimaizemba podutsa m'mbali, momwe mukuyenda anthu.

Njira yake ndi iyi. Misewu ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, pomwe misewu ikuluikulu monga M1 ndi M5 wopita ku Nkhata Bay imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Yambirani kwa buloko lida ndi komiti ya chitukuko ya m'wodi mwanu, kenako kwa khansala. Musapite ndi madandaulo apakamwa okha. Lembani malo enieni, nthawi imene ana amawoloka, chiwerengero chawo, ndi ngozi zimene zachitikapo pamodzi ndi masiku ake. Kalatayo isainidwe ndi komiti ya sukulu, a mipingo ndi a mzikiti, ndi wapampando wa akabaza a pasiteji yapafupi. Mukamva kuti msewu wanu uthiridwa phula, funsani za mahampu ndi powolokera ntchito isanayambe. Kuziika pa pulani n'kosavuta kusiyana ndi kuzipempha kontilakitala atachoka.

Ngozi ikachitika

Choyamba imitsani galimoto zina kuti pasagundidwenso wina. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana, kapena amene wakomoka, musamunyamule chinyamulenyamule. Mutu, khosi ndi thupi zikhale mowongoka, ndipo ngati n'kofunika kumusuntha, anthu angapo amunyamulire pamodzi pa thabwa kapena chitseko. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Musamumwetse madzi kapena kumudyetsa chilichonse, chifukwa angatsamwe, ndiponso mwina afunika opareshoni. Musamuthire madzi kuti atsitsimuke. Ngati wakomoka koma akupuma ndipo akusanza, mutembenuzireni chammbali thupi lonse pamodzi, wina atagwira mutu.

Thamangirani naye kuchipatala; Mzuzu Central Hospital ku Luwinga ndi chomwe chimalandira ovulala kwambiri m'chigawo chino. Wina apite kupolisi pamene ena ali paulendo wakuchipatala. Musamenye dalaivala. Kuopa kumenyedwa n'kumene kumathawitsa ambiri, ndipo kawirikawiri galimoto yakeyo ndi yokhayo imene ikanafikitsa wovulala kuchipatala msanga.

Mwana akagundidwa n'kudzuka yekha, akuti sakumva kuwawa, mupite nayebe akamupime. Magazi angathe kumatayikira m'mutu kapena m'mimba osaoneka kunja. Akakubwezani kunyumba, muyang'anireni usana ndi usiku kwa masiku awiri. Akayamba kusanza, kugona tulo tovuta kumudzutsa, kulankhula zosokonekera, kukomoka, kumva mutu ukuwawirawawira, kutupa mimba, kapena kutuluka magazi kaya madzi m'khutu ndi m'mphuno, bwererani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.