Msana ukavulala, miyendo isafotere pamphasa

Pafupifupi sabata iliyonse kuchipinda chathu cha fiziyo, kumene timathandiza odwala ndi masewero olimbitsa thupi, kumabwera mnyamata wonyamula zitsulo amene anavulala msana, ndipo funso lake silisintha: adzayambiranso liti kunjuta atasenza chitsulo paphewa, popeza ntchafu zake zikutha? Ndatopa nako kufotokoza kuti mnofu wa pantchafu umakula chifukwa cha ntchito, katundu akhale paphewa kapena m'manja, pomwe chitsulo cha paphewa chimapsinja kumunsi kwa msana, pa mafupa amene timawatcha L4, L5 ndi S1, pamene kakhushoni ka pakati pa mafupa kamakonda kufufuma n'kupana mtsempha wotsikira kumwendo.

Dokotala akakulolani kuyamba, limbitsani mwendo umodzi panthawi. Ikani phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo, mutsike pang'onopang'ono msana uli wowongoka mpaka bondo lakumbuyo litatsala pang'ono kugunda pansi, kenako mudzuke. Mwendo wakutsogolo ndi umene umasenza mbali yaikulu ya thupi, kotero zigubu ziwiri za malita 5 m'manja zimautopetsa mokwanira popanda kuzunza msana. Chitani ka 8 mpaka ka 12 mwendo uliwonse, maulendo atatu, kawiri kapena katatu pasabata. Kukwera ndi kutsika pakhonde lalitali ndi mwendo umodzi kumathandizanso, monganso kugona chagada mawondo atapindidwa n'kumakweza chiuno, komwe kumalimbitsa matako ndi kuseri kwa ntchafu. Kutopa kwa mnofu n'kwabwino, koma ululu wothamangira kumwendo ngati magetsi ukutanthauza kuti musiye tsiku limenelo. Za kugona mwezi wathunthu iwalani, chifukwa kupitirira masiku awiri pamphasa kumangofooketsa miyendo ndi msana womwewo.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nkhani ya bambo wina wakabaza amene anamva msana kulira ponyamula thumba la chimanga. Patapita masiku anayamba kumva dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo nkumavuta kutuluka, koma anzake anamuuza kuti ndi mitsempha yongouma ndipo athamange m'mawa kuti imasuke. Zitakanika anapita kokatemedwa mphini, mwana n'kumuponda pamsana madzulo aliwonse, uku akumwa mankhwala opha ululu a Indocid ogula pamsika. Anafika kwa ife patatha masabata asanu atanyamulidwa panjinga yake yomwe. Zizindikiro zakezo zinali za mitsempha ya kumunsi kwa msana imene yapanidwa, ndipo mitsempha yopanidwa motere imafuna opaleshoni ya msangamsanga, m'maola kapena tsiku limodzi kapena awiri. Iye anachedwa, ndipo mpaka lero amakoka phazi ndiponso amakodzera m'paipi. Ndikamuona akubwera ndi ndodo ndimakumbukira kuti anali ndi miyendo yamphamvu kuposa anyamata onse a kujimu.

Choncho dzanzi la pakati pa miyendo kapena kumatako, kulephera kukodza kapena kugwira chimbudzi, ndi kufooka kwa miyendo komwe kukukulirakulira si zoyesera masewero ayi, koma zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, kuti ngati n'kofunika mutumizidwe ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Ndipo msana wopweteka usiku, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta pogona, uyenera kuyezedwa TB ya m'mafupa asanagwire chigubu ngakhale chimodzi.